Mayi aphunzitse kalasi koma asakwere pagome, zimenezi zikuchokera pati?

Mwana_wa_Nabanda

Moni nonse abale. Ndili ndi funso landisowetsa mtendere ndipo ndikufuna mayankho a anthu owerenga Baibulo osati zonyozana ayi. Mpingo wathu sinditchula dzina kuopa kuti zingaoneke ngati ndikuneneza anthu, koma ndi umodzi mwa mipingo yakale ija tonse tinakuliramo. Kwathu kumudzi tili ndi nyumba ya mapemphero, abusa amabwera mwa apo ndi apo makamaka ikakhala Sabata ya mgonero, masabata enawo amalalikira ndi akulu ampingo mosinthana. Mwezi wathawu mvula inagwa usiku onse mtsinje n'kudzadza nde mlaliki amene anali pa pulogalamu sanathe kuoloka. Anthu tinasonkhana, kwaya inaimba, inaimbanso, nthawi ikungopita. M'tchalitchimo munali amayi ena achikulire amene akhala akuphunzitsa kalasi kuyambira ine ndili mwana, katekisima anandiphunzitsa ndi iwowo, Baibulo lawo ndi lothaitha lochita kusoka ndi ulusi kumsanaku ndipo mavesi amangotchula pamtima osatsegula. Akulu ampingo awiri amene analipo ananong'onezana kenako n'kuitana mnyamata wina wangobatizidwa chaka chathachi, woti wadutsa m'manja mwa amayi omwewo, kuti iyeyo ndiye alalikire. Mnyamatayo anayesetsa sindikumunyoza, koma amanjenjemera, anawerenga Salimo n'kulankhula pang'ono basi n'kukhala pansi. Amayi aja anali phee pa benchi yawo ndi duku loyera akumugwedezera mutu kumulimbitsa mtima.

Titatuluka ndinafunsa m'modzi wa akuluwo kuti bwanji simunapemphe amayi aja, anangoti Paulo analetsa, mzimayi sakwera pagome, nkhani n'kuthera pompo.

Nde funso langa ndi ili. Ngati kuphunzitsa n'koletsedwa kwa mzimayi, nanga m'kalasi muja muli ana okhaokha? Mumakhala azibambo a ndevu zawo amene atembenuka mtima atakula kale ndipo amawaphunzitsa ndi amayiwa, sesheni ikudziwa. Pasiwa usiku amagawa mawu ndi azimayi, azibambo ali panja pamoto akumva bwinobwino n'kumavomera ameni. Kumlaga chimodzimodzi. Ndiye choletsedwa chenicheni n'chiyani, kuphunzitsako kapena malo oimirira? Ine zikundipweteka chifukwa chikhristu changa anachiumba ndi amayi amenewa. Ndithandizeni, amene mukuti n'zoletsedwa fotokozani, amene mukuti n'zololedwa fotokozaninso.

aGama_mkuluwampingo

Zikomo mwana wanga chifukwa chofunsa mwaulemu. Ine ndine m'modzi mwa amene timakhulupirira kuti udindo wa ubusa ndi ukulu wampingo Mulungu anaupereka kwa amuna, ndipo sindinena izi chifukwa chopeputsa azimayi, amayi anga ondibereka ndi amene anandiphunzitsa kupemphera. Werengani 1 Timoteo 2 kuyambira ndime 11 mpaka 14. Paulo akuti salola mkazi kuphunzitsa kapena kulamulira mwamuna, ndipo chifukwa chimene akupereka sakuti poti ku Efeso kuli vuto lakutilakuti ayi, akubwerera mpaka ku Genesis kuti Adamu ndiye anayamba kulengedwa kenako Hava. Chinthu chikamangidwa pa chilengedwe sitingati chinatha ndi nthawi. Mukapita mutu 3 akunena za woyang'anira mpingo kuti akhale mwamuna wa mkazi m'modzi, woweruza bwino nyumba yake. Komanso Ambuye Yesu sankaopa miyambo ya Ayuda, anacheza ndi mkazi wa ku Samariya pachitsime masanasana, anachiritsa pa Sabata, anadya ndi amisonkho, koma posankha atumwi 12 anasankha amuna okhaokha atapemphera usiku onse. Akanafuna kuikapo mkazi palibe akanamuletsa.

Ntchito ya azimayi ilipo ndipo ndi yaikulu, Tito 2 akuti amayi achikulire aphunzitse akazi aang'ono, ndipo Timoteo yemweyo chikhulupiriro anachitenga kwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Zimenezi sizochepa.

Koma pa zimene zinachitika kwanuzo akulu ampingo anzangawo analakwitsa, ndinene mosabisa. Mutu 3 womwewo ukuti woyang'anira akhale wodziwa kuphunzitsa, ndipo ukuletsa kuika patsogolo munthu wongotembenuka kumene. Iwowo analipo awiri, bwanji sanaimirire m'modzi? Anathawa udindo wawo n'kukankhira mwana. Vuto lathu azibambo m'mipingomu ndi limenelo, mpando timaufuna koma Baibulo sitiwerenga, nde tikamanena kuti mzimayi asalalikire pomwe ife tilibe cholalikira anthu akutiona. Mankhwala ake ndi oti azibambo tidzuke, osati tisinthe malemba. Mipingo ya ku Ulaya inayamba chonchi kusintha pang'onopang'ono kutsata za dziko, lero matchalitchi awo ena asanduka mashopu.

Nachisale_waMvano

A Gama ndakumvani ndipo ndathokoza kuti mwavomera zoti akulu aja analakwitsa, koma pa zinazo ndiloleni nditsutsane nanu bambo. Ine ndine wa Mvano ku Sinodi ya Blantyre ndipo abusa achizimayi ndawaona ndi maso angawa akubatiza, akugawa mgonero, akudalitsa maukwati, akuika maliro, mpingo suunagwe ayi.

Tiyambe ndi Paulo yemweyo. Pa 1 Akorinto 14 akuti akazi akhale chete mumpingo, eya zilipo. Koma bwererani m'mbuyo pang'ono kalata yomweyo mutu 11 ndime 5, akupereka malangizo a mmene mkazi azivalira kumutu akamapemphera kapena kunenera. Kunenera munthu amanenera kuchipinda ali yekha? Si pamsonkhano pomwe pali amuna? Nde munthu m'modzi sangati nenera utavala duku kenako n'kuti usatsegule pakamwa mpang'ono pomwe, zikuonekeratu kuti kukhala chete kwa mutu 14 kukukhudza chisokonezo chimene chinali ku Korinto, ndipo mutu womwewo akuuzanso olankhula malilime ndi aneneri kuti nthawi zina akhale chete. Aroma 16 akuyamba ndi Febe mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, Paulo akuuza Aroma kuti amulandire ndi kumuthandiza pa chilichonse angafune. Akutchula Priska amene pa Machitidwe 18 iye ndi mwamuna wake Akula anamutengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa malemba kwambiri, n'kumuongola. Akutchula Yuniya pa ndime 7. Filipo anali ndi ana aakazi anayi onenera. Ku Chipangano Chakale Debora ankaweruza Israele yense amuna omwe, ndipo imene imandikhudza ine kwambiri ndi ya Hulida pa 2 Mafumu 22, buku la chilamulo litapezeka m'kachisi mfumu Yosiya inatuma mkulu wa ansembe Hilikiya ndi nduna zake kukafunsa kwa Yehova ndipo anapita kwa mzimayi, chonsecho Yeremiya anali atayamba kale uneneri nthawi imeneyo. Mkulu wa ansembe kukhala pansi kumvetsera mzimayi akumasulira mawu a Mulungu! Ndipo uthenga woti Yesu wauka, umene chikhristu chonse chaimapo, woyamba kutumidwa nawo anali Mariya wa Magadala, anatumidwa ndi Ambuye mwini kwa atumwi amuna omwewo.

Za atumwi 12 mwanenazo, analinso Ayuda okhaokha, koma palibe amati Mchewa kapena Mlomwe asakhale m'busa.

China, 1 Timoteo 2 yomweyo ndime 9 ikuletsa kuluka tsitsi, golide, ngale ndi zovala zodula. Sabata likubwerali kaimeni pakhomo la tchalitchi muone mameshi ndi ndolo zikulowa, akazi a akulu ampingo omwe, palibe sesheni inaitanapo munthu. Pamenepo timati zinali za nthawi imeneyo, tikatsika mizere itatu yokha timati n'zamuyaya. Amasankha ndani kuti iyi yatha iyi siinathe? Amasankha ndi amene akhala pampando.

Ndipo zimenezi kwathu kuno sizinangobwera zokha. Mu 1995 azimayi ogwira ntchito mu Sinodi ya Blantyre anapereka chikalata cha madandaulo awo kwa atsogoleri, nkhani ya kudzoza azimayi inali momwemo, ndipo sanawalandire ndi manja awiri, anavutika nazo ndithu. Panali azimayi oti zaumulungu anaphunzira mofanana ndi amuna koma anzawo akuvala kolala iwo akungopatsidwa ntchito ya amayi ndi ana. Patapita zaka zochepa, cha m'ma 2000 umu, Livingstonia ndi Blantyre anayamba kudzoza azimayi, abusa a Martha Mwale kumpoto, abusa a Edna Navaya kuno, kenako abusa a Mercy Chilapula mpaka anakhala modareta wa sinodi yonse. Nkhoma nthawi imeneyo sanachite nawo. CCAP imodzi yomweyi, Baibulo limodzi, koma mayi amene ku Blantyre ndi abusa akangodutsa malire a sinodi ena amamuona ngati mlendo wamba. Nde musati n'za ku Ulaya, amene anamenyera zimenezi ndi azimayi akuda ovala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda ngati ine ndemwe.

Tiyamike_265

Mayi Nachisale mwalasa. Ine ndingoonjezerapo za ndalama. Pepa Sande ikafika amavina kutsogolo ndi ndani? Masika, chimanga cha abusa, kukolopa tchalitchi, kuphikira alendo a presibitare, kugona pamaliro, kuyendera odwala kuchipatala ndi phala m'mabigiri, zonsezo azimayi. Werengani mitu Sabata lililonse muone mbali yodzadza ndi iti. Koma pokambirana mmene ndalamazo ziyendere muli azibambo okhaokha chitseko chotseka. Ndipo chimandidabwitsa n'choti amayi busa amatsogolera azimayi onse chifukwa choti anakwatiwa ndi abusa basi, olo akhale mtsikana wa dzulodzuloli, pomwe mayi woti waphunzira zaumulungu zaka zinayi alibe pokhala.

Kamnkhwani_Dedza

Ine ndine Mkatolika nde ndilankhule za kwathu. Kwa ife nkhani ya unsembe inatsekedwa, Papa John Paul II analemba mu 1994 kuti Mpingo ulibe mphamvu yodzoza akazi unsembe, ndipo ine monga mkhristu womvera ndimavomera. Chifukwa chake n'chosiyana pang'ono ndi cha a Gama, ife sitinena kuti mkazi sangaphunzitse, timati wansembe pa Misa amaimira Khristu ndipo Mpingo ukutsata zimene Ambuye anachita posankha atumwi. Koma kuphunzitsa? Mpingo unatchula akazi anayi kuti ndi aphunzitsi a Mpingo onse, Teresa wa ku Avila, Catherine wa ku Siena, Thérèse wa ku Lisieux ndi Hildegard wa ku Bingen, ndipo ansembe ndi maepiskopi amaphunzira zolemba zawo. Mu 2021 Papa Francis anasintha lamulo kuti akazi aziikidwa mwalamulo pa utumiki wowerenga mawu ndi wotumikira kuguwa, ndipo mu January 2025 anaika sisitere Simona Brambilla kukhala mkulu wa nthambi ina ku Vatican, udindo umene kale unkakhala wa makadinala.

Koma tisapite kutali, tiyeni kumudzi. Parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambirimbiri, bambo mfumu ndi owathandiza sangafike konse, pena mwezi umatha osaona Misa. Masabata amenewo kumakhala mapemphero opanda wansembe ndipo malo ambiri wotsogolera kapena wowerenga ndi mayi. Miphakati ija anailimbikitsa Episkopi Patrick Kalilombe ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, pitani mukaone amene amasonkhana pansi pa mtengo wa mango Lachitatu masana kugawana mawu, mwa anthu 20 azibambo mwina atatu. Sukulu ndi zipatala zambiri za mishoni akuyendetsa ndi masisitere. Nde kwa ine zimene zinachitika kwa a Mwana_wa_Nabanda n'zomvetsa chisoni, panalibe sakramenti pamenepo, kunali kugawa mawu chabe kwa anthu oti abwera pamatope ndi njala ya mawu, n'kuwabweza chimanjamanja mphunzitsi ali pomwepo.

Phiri_wa_kuMsinja

Ndikufuna ndiyankhe chinthu chimene sichinanenedwe pano koma kumudzi ndi chimene amanena kwambiri kuposa mavesi, choti pachikhalidwe chathu mzimayi saima pamaso pa amuna, ng'ombe yaikazi siikoka ngolo, mawu omwe aja anthu ankanyozera nawo mayi Joyce Banda atakhala pulezidenti mu 2012. Abale, chikhalidwe chake chiti? Ife Achewa mbumba imayendera kuchikazi, mwamuna amapita chikamwini, mfumu posankhidwa mawu a ntchembere amamveka. Pachipembedzo cha makolo kachisi wamkulu wa mvula anali ku Msinja kufupi ndi Dzalanyama, ndipo mkulu wake anali mzimayi, Makewana, mafumu ankatumiza mphatso kwa iye kukapempha mvula, amuna ngati Kamundi ankagwira ntchito limodzi naye. Anamkungwi anali aphunzitsi olemekezeka m'mudzi monse. Sindikuti tibwerere kokathira nsembe ayi, ndine mkhristu, ndikungoti makolo athu sankaona chachilendo mzimayi kutsogolera zauzimu.

Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 anabwera ndi dongosolo la kwawo la nthawi imeneyo, loti guwa ndi la amuna. Chinamwali anachiletsa n'kuika chilangizo, anamkungwi m'malo mwawo munalowa alangizi, kenako Chigwirizano cha amayi chinayamba mu 1940, azimayi n'kupatsidwa bwalo lawolawo koma loyang'aniridwa ndi amuna. Mayi Isabel Apawo Phiri anachita kafukufuku wa zimenezi pakati pa azimayi a Chichewa, ndipo iwowo anafika pokhala m'modzi wa akuluakulu a World Council of Churches ku Geneva, mwana wa kuno kwathu. Tsono mipingo imene inatibweretsera lamuloli inasintha kalekale, Church of Scotland inalola abusa achizimayi mu 1968, Dutch Reformed ku South Africa mu 1990. A Gama mukuti kudzoza azimayi n'kutsata azungu, ine ndikuti kuwaletsa kumene ndi komwe tinatengera kwa azungu. Tikamakangana tiyeni tikangane pa malemba, koma chikhalidwe tisachinamizire.

aGama_mkuluwampingo

Mayi Nachisale ndi a Phiri ndawerenga zonse mofatsa. Za chikhalidwe ine sindiimirapo, mwambi wa ng'ombe uja sindiugwiritsa ntchito ndipo mkhristu asamaunene, ndi wonyoza. Za Hulida ndi Debora ndikuvomera kuti Mulungu anawagwiritsa ntchito, koma onani kuti mu Israele aneneri aakazi analipo pomwe ansembe aakazi kunalibe ngakhale m'modzi, nde kunenera ndi udindo woyang'anira nkhosa ndi zinthu ziwiri. Priska anaphunzitsa Apolo pambali ali ndi mwamuna wake, osati pamsonkhano. Pamenepo ndi pomwe ine ndaima ndipo chikumbumtima changa sichindilola kusuntha chifukwa choti anthu ambiri asuntha. Nkhaniyi siyophweka, onani a Seventh Day Adventist, mpingo woti m'modzi mwa oyambitsa ake ndi mayi Ellen White ndipo mabuku ake amawerengedwa mpaka lero, koma pamsonkhano wawo waukulu ku San Antonio mu 2015 anavota 1,381 kukana, 977 kuvomera zoti zigawo zizidzisankhira kudzoza abusa achizimayi. Anthu opemphera, Baibulo lili m'manja, anagawanika choncho.

Koma funso la mwana wathuyu loti choletsedwa ndi kuphunzitsa kapena malo oimirira landilasa, ndakhala nalo usiku onse. Ngati timalola amayi kuphunzitsa azibambo m'kalasi ndiye kuti tinavomera kale kuti mawu a Mulungu akhoza kutuluka pakamwa pawo kupita kwa mwamuna. Ine ndikanakhalapo tsiku limenelo ndipo ndalephera kulalikira ndekha, ndikanawapempha amayiwo kuti atipatse mawu a chilimbikitso ataima kutsogolo, pansi pa ulamuliro wa sesheni. Pa ubusa ndi pomwe sindingapitirire.

Nachisale_waMvano

Bambo Gama zikomo, pa ubusa tisiyanabe ndipo ndipitiriza kukupemphererani kuti tsiku lina mudzakhale pansi pa ulaliki wa abusa achizimayi mudzamve nokha, koma apa mwafikapa ndi patali kale kuposa akulu ambiri ndimawadziwa. Ansembe a Chipangano Chakale analinso a fuko la Levi lokha, ndipo chinsalu cha m'kachisi chinang'ambika, Petro akuti tonse ndife ansembe achifumu, pa Pentekoste anabwereza mawu a Yoweli oti ana anu aamuna ndi aakazi adzanenera. Ndisiyire pomwepo.

Kwa iwe mwana wanga wafunsa funsoli, usakayambe ndi kukalipira akulu ampingo, ukangotero nkhani isanduka yoti mnyamata wamwano ndipo amene avutike ndi amayi omwewo, azinenedwa kuti akutuma ana kuti awamenyere nkhondo. Yamba wapita kwa amayiwo ukakhale nawo pakhonde uwafunse maganizo awo. Ukhoza kudabwa, ena mwa amene amakana kwambiri zoti mzimayi alalikire ndi azimayi anzathu, anakula akuuzidwa choncho ndipo amaopa kuchimwira Mulungu, nde usawakakamize. Koma ukapeza kuti mumtima mwawo muli moto umene akhala akuubisa zaka zonsezi, uwauze kuti iweyo unaona ndipo zinakupweteka, mwina palibe anawauzapo. Kenako ufufuze malamulo a mpingo wanu enieniwo olembedwa, chifukwa nthawi zambiri kumalikulu zinasintha kale, azimayi analoledwa kulalikira kapena kukhala akulu ampingo, koma kumidzi uthenga sunafike kapena anaukhalira dala. Ukawapeza upite kwa abusa mwaulemu pamodzi ndi anzako angapo, azibambo akhalepo, mupemphe kuti nkhaniyi ilowe mu sesheni, ndipo pempho lanu likhale laling'ono lomveka, loti mlaliki akalephera kubwera aphunzitsi a kalasi akhale pa mndandanda wa olowa m'malo, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Mvula siinathe, mtsinje umenewo udzadzanso mwezi uno, nde musachedwe nazo.